Kusalolerana: Mbiri ya Mau Amene Adasintha Nkhope

Mau Oyamba

Pali mau ena amene amamveka kawirikawiri pa wailesi, m'manyuzipepala ndi m'misonkhano ya atsogoleri a zipembedzo, koma ndi ochepa amene amafunsa kumene mauwo adachokera. Ena mwa mau otere ndi a Chingerezi akuti intolerance, amene m'Chichewa timawamasulira kuti kusalolerana. Anthu akatentha nyumba ya mnzao chifukwa cha chipembedzo chake, timamva kuti kumeneko ndi kusalolerana. Wansembe akakana kudalitsa ukwati wachiwiri wa munthu amene mkazi wake wa mu mpingo akali moyo, ena amanenanso kuti ndi kusalolerana. Zinthu ziwirizi n'zosiyana kutalitali, komabe zapatsidwa dzina limodzi.

Ife amene tidalandira udindo wolalika Mthenga Wabwino, ndi ife amene tikukonzekera udindowo, sitingawasiye mauwa ali osokonezeka chotere. Tikapanda kudziwa tanthauzo lake, tidzagwa m'mbuna imodzi mwa ziwiri: mwina tidzaleka kunena choona poopa kutchedwa osalolera, mwina tidzayesa nkhanza kuti ndi changu cha pa Mulungu. M'nkhani ino tilondola mapazi a mau amenewa kuchokera ku Roma wakale kufikira kwathu kuno, kuti tione m'mene Eklezia, patapita zaka zambiri ndi misozi yambiri, adafikira posiyanitsa kulimbikira choona ndi kukakamiza munthu.

Tsinde la Mau

Mau akuti intolerance adachokera ku Chilatini. Mneni wakuti tolerare amatanthauza kusenza chinthu cholemera kapena kupirira chowawa, monga msilikali amapirira njala, chisanu ndi ulendo wautali. Tolerantia tsono idali mphamvu ya msana wa munthu mwini wake, ndipo poyamba idalibe kanthu ndi chikhulupiriro cha mnansi. Kachidutswa kakuti in- kamene kali kutsogoloko kamangokana, monga amachitira -sa- wathu. Tanthauzo lakaleli lidakalipo pakati pa madokotala: thupi likamakana mkaka kapena mankhwala ena, iwo amalemba mau omwewa, pamene ife timangoti, "Mkaka sundiyanja."

Apa pali mfundo yoyenera kuigwiritsa. Chimene munthu amapirira ndi chimene amachiyesa choipa. Palibe amene amapirira uchi. Timapirira mbola ya njuchi. Motero pamene mauwa adalowa m'nkhani za chipembedzo, adalowa atasenza kale chiweruzo. Mfumu ikamati ikulolera chipembedzo chakutichakuti, inkatanthauza kuti eni chipembedzocho ndi olakwa, kuti iyo ili ndi mphamvu yowaletsa, koma kuti pakali pano yawasiya.

Chinenero chathu chimasiyanitsa bwino zinthu zinai zimene mau a Chilatiniwa amaziphatikiza. Kupirira ndi kwa munthu wopanda mphamvu amene wagwidwa ndi chowawa. Kulolera, kochokera ku kulola, ndi kwa munthu amene akadatha kukana, monga nyakwawa imene yalolera mlendo kulima m'dimba. Kulekerera ndi ulesi wa kholo limene likuona mwana akuba nkhuku za eni, ilo n'kukhala chete. Kulolerana, chifukwa cha -ana wa kumapetoyo, kumafuna anthu awiri okhala pa mphasa imodzi, aliyense akupatsa ndiponso akulandira. Mbiri imene tifotokoze ndi ulendo wochoka pa kulolera kupita pa kulolerana, ndipo m'mbali mwa njira yonseyo muli mbuna ya kulekerera.

Ozunzidwa Apempha Ufulu

Boma la Roma linkalandira milungu ya mitundu yambiri imene lidagonjetsa, malinga eni ake alemekezenso milungu ya boma ndi Kaisara. Akhristu adakana kupereka nsembe zotero, ndipo adayesedwa adani a dziko. Cha m'ma 212, Tertullian wa ku Carthage adalembera bwanamkubwa Scapula, nanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wachibadwa wopembedza monga mwa chikhulupiriro chake, ndi kuti chipembedzo chokakamiza china chadzitsutsa chokha. Patapita zaka pafupifupi 100, Lactantius adabwereza mfundo yomweyo m'nyengo ya mazunzo a Diocletian amene adayamba mu 303.

Mu 311 Kaisara Galerius, ali pafupi kufa, adalola Akhristu kuti azisonkhananso. Lamulo lake lidali kulolera kwenikweni: lidayamba ndi kudzudzula Akhristu kuti ndi ouma mitu amene adataya miyambo ya makolo, kenaka n'kuwalola poona kuti lupanga lalephera. Mu 313 Constantine ndi Licinius, atakumana ku Milan, adapita patsogolo. Adapereka ufulu wopembedza kwa Akhristu ndi kwa ena onse, nalamula kuti malo a mipingo amene adalandidwa abwezedwe.

Mphamvu Ikasintha Manja

Ufulu wa onsewo sudakhalitse. Mu 380 Kaisara Theodosius adalamula kuti anthu ake onse atsate chikhulupiriro cha Katolika, ndipo pofika 392 nsembe za milungu yakale zidali zitaletsedwa. Cha m'ma 385, ku Trier, boma lidapha Priscillian, episkopi wa ku Avila, pa mlandu umene maepiskopi anzake adaupititsa kwa mfumu. Martin Woyera wa ku Tours ndi Ambrose Woyera wa ku Milan adadzudzula kwambiri chinthu chimenechi. Izi zikutionetsa kuti ngakhale pa chiyambi pomwe, m'Eklezia mudali mau okana kuti lupanga liweruze nkhani za chikhulupiriro.

Amene maganizo ake adalemera koposa m'zaka zotsatira ndi Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo. Iye adapeza Akhristu a kumpoto kwa Africa atagawanika chifukwa cha mpatuko wa Adonatisti. Poyamba ankaphunzitsa kuti munthu akopedwe ndi mau ndi nzeru zokha. Koma m'kalata imene adalembera Vincentius cha m'ma 408, adafotokoza kuti adasintha maganizo ataona mzinda wa kwao utabwerera ku umodzi wa Eklezia chifukwa choopa malamulo a Kaisara. Adatsamira pa fanizo la phwando la pa Luka 14, m'mene wantchito akutumidwa kukaumiriza anthu a m'miseu kuti alowe m'nyumba. Tiyenera kumchitira chilungamo: Augustine adakana mpaka mapeto kuti Adonatisti aziphedwa, ndipo ankawapepesera kwa akuluakulu a boma. Koma mibadwo ya pambuyo pake idatenga chilolezo chake n'kuiwala malire ake.

Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adakonza nkhaniyi m'magawo. Ayuda ndi akunja, iye adatero, asakakamizidwe kukhulupirira, pakuti kukhulupirira kumachokera m'kufuna kwa munthu. Ndipo miyambo yao ikhoza kuloledwa pofuna kupewa choipa chachikulu, monga Mulungu mwini amalola zoipa zina m'dziko. Koma Mkhristu wobatizidwa amene wapotoza chiphunzitso n'kukana kutembenuka adamuyerekeza ndi munthu wopanga ndalama zachinyengo, woyenera kuperekedwa m'manja mwa boma kuti aphedwe. Taonani m'mene mau athu akugwirira ntchito apa: kulolera ndi mankhwala owawa omwera kusowa chochita, ndipo wolakwayo alibe chake chimene angaimirepo. Chifukwa chake kulolerako kunkatha mosavuta. Mu 1492 Ferdinand ndi Isabella adalamula Ayuda a ku Spain, amene makolo ao adakhala m'dzikomo zaka mazana ambiri, kuti abatizidwe kapena achoke.

Mphatso ya Mfumu

Akhristu a ku Europe atagawanika m'zaka za m'ma 1500, palibe mbali imene idali ndi manja oyera. Mu 1553 mzinda wa Geneva, kumene John Calvin ankaphunzitsa, udatentha Michael Servetus chifukwa chokana Utatu Woyera. Mu 1572, kuyambira usiku wa chikondwerero cha Bartholomew Woyera, Akatolika a ku Paris ndi mizinda ina ya ku France adapha Aprotestanti zikwi zambiri. Ku England ansembe a Katolika ankapachikidwa pa chingwe ngati oukira dziko.

Atatopa ndi mwazi, mafumu adayamba kulemba mapangano. La ku Augsburg la mu 1555 lidapatsa mfumu ya chigawo chilichonse cha Germany mphamvu yosankha pakati pa Chikatolika ndi Chilutera. Munthu wamba wosagwirizana nayo adangopatsidwa mwai wosamuka. Mu 1598 Henry IV wa ku France adasindikiza lamulo la ku Nantes lolola Aprotestanti kupembedza m'malo ena. Koma mdzukulu wake, Louis XIV, adalifafaniza mu 1685, ndipo anthu pafupifupi 200,000 adathawa m'dziko lao; ena a iwo adafika mpaka ku Cape, kummwera kwa Africa, mu 1688. Chimene dzanja la mfumu lapereka, dzanja la mfumu ina likhoza kulanda.

Ngakhale olemba otchuka a kulolera adali ndi mpanda wao. John Locke, m'kalata yake ya mu 1689, adaphunzitsa bwino kuti boma lilibe udindo wopulumutsa mizimu, koma adasiya kunja anthu okana Mulungu ndi amene amamvera mfumu ya dziko lina, mau amene onse adawamva kuti akunena Akatolika. Lamulo la kulolera la ku England la chaka chomwecho lidathandiza Aprotestanti osatsata mpingo wa boma, koma Akatolika adadikira mpaka 1829 kuti aloledwe kukhala m'nyumba ya malamulo.

Mau Asintha Nkhope

Kufikira nthawi imeneyi, anthu ambiri opembedza sankayesa kulolera kuti ndi khalidwe lotamandika. Ankakuona ngati kufooka, chimene ife tikadachitcha kulekerera, ndipo kusalolera chinyengo kunkayesedwa ulemu wa mpingo woona. M'zaka za m'ma 1700 zinthu zidatembenuka. Mu 1762 khoti la ku Toulouse lidapha mwankhanza Jean Calas, Mprotestanti wochita malonda, pomunamizira kuti adapha mwana wake pofuna kumletsa kulowa Chikatolika. Voltaire adatenga mlanduwo, nalemba buku la za kulolera mu 1763, ndipo mu 1765 dzina la Calas lidayeretsedwa. Kuyambira m'nyengo imeneyo mau akuti intolerance adasanduka chitonzo, ndipo kawirikawiri chala chinkaloza Eklezia.

Akatswiri a zaumulungu adayankha posiyanitsa mitundu iwiri: kusalolera kwa pa chiphunzitso, ndiko kukana kuti choona ndi bodza n'zofanana, ndi kusalolera kwa m'dziko, ndiko kulanga munthu chifukwa cha chikhulupiriro chake. Jean-Jacques Rousseau mu 1762 adakana kusiyanitsaku. Kwa iye zidali zosatheka kukhala mwamtendere ndi mnansi amene ukukhulupirira kuti ali pa njira ya chitayiko. Mfundo ya Rousseau imeneyi ndiyo gwero la chisokonezo chimene tidachitchula poyamba paja: ngati iye adalondola, ndiye kuti aliyense wokhulupirira kolimba ndi wozunza amene akungodikira mpata.

Koma mbiri idaonetsa msanga kuti nkhanza sizisowa chipembedzo kuti zibadwe. Boma la chipanduko cha ku France, limene mu 1789 lidalengeza ufulu wa maganizo, lidadula mitu ya asisiteri 16 a ku Compiègne mu 1794. Poona zotere, Apapa a m'zaka za m'ma 1800 adakayikira ufulu umene unkalalikidwawo. Gregory XVI mu 1832 ndi Pius IX mu 1864 adautsutsa, pakuti adauona utamangidwa pa maganizo akuti zipembedzo zonse n'chimodzimodzi. Leo XIII mu 1885 adakumbutsa kuti munthu asakakamizidwe kulowa Chikatolika, ndipo adavomera kuti boma likhoza kulolera zipembedzo zina kaamba ka mtendere. Komabe mau adali akali omwe aja: kulolera.

Msonkhano wa Vatican Wachiwiri

Pa 7 Disembala 1965 Papa Paul VI adasindikiza chikalata cha Dignitatis Humanae, chimene abambo a Msonkhano 2,308 adachivomera ndipo 70 adachikana. Mmodzi mwa amene adathandiza kuchikonza ndi wansembe wa Chijezwiti wa ku America, John Courtney Murray. Mmodzi mwa amene adalimbana nacho ndi Marcel Lefebvre, amene adakhalapo arkiepiskopi wa ku Dakar. Otsutsawo ankati bodza lilibe ufulu. Msonkhano udasuntha funso lenilenilo: mwini ufulu ndi munthu, wolengedwa ndi nzeru ndi kufuna kwake, ndipo ulemerero umenewo sautaya ngakhale atasokera.

Chikalatachi chidasunga chiphunzitso chakuti munthu aliyense ali ndi udindo wofunafuna choona ndi kuchitsata atachipeza, ndiponso kuti chipembedzo choona chikupezeka mu Eklezia Katolika. Chimene chidaonjeza ndi chakuti, malinga bata lachilungamo la m'dziko lisungidwe, palibe munthu, gulu kapena boma limene lingakakamize wina kuchita zotsutsana ndi chikumbumtima chake pa za chipembedzo, kapena kumletsa kuchita monga mwa chikumbumtimacho. Chidavomeranso kuti m'mbiri ya anthu a Mulungu mudaoneka nthawi zina machitidwe osagwirizana ndi mzimu wa Mthenga Wabwino, ndipo pa 12 Malichi 2000 Papa John Paul II adapempha chikhululukiro kwa Mulungu chifukwa cha nkhanza zochitidwa m'dzina la choona.

Apa Eklezia adamuyankha Rousseau. N'zotheka kukhulupirira kuti mnansi wasokera, n'kumuuza poyera, ndipo nthawi yomweyo n'kuimirira pakhomo pake kumteteza kwa ofuna kumtentha. Tionenso kuti Msonkhano sudamange chiphunzitso chake pa mau akale aja a kulolera. Udasankha mau akuti ufulu, pakuti ufulu si mphatso ya mfumu. Nalo bungwe la United Nations, m'chikalata chake cha pa 25 Novembala 1981, lidamasulira kusalolerana poyang'ana zochita: kusankha, kupatula kapena kumana munthu ufulu wake chifukwa cha chipembedzo.

Kwathu Kuno

Mbiri imeneyi idaoloka nyanja pamodzi ndi amishoni. Pamene ansembe a Montfort adakhazikika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, adapeza amishoni a Chiprotestanti atafika kale, ndipo mikangano ya ku Europe idapitirira m'midzi yathu mwa mpikisano wa sukulu. Panalinso kulimbana ndi Nyau, kumene kudakula m'zaka za m'ma 1920 m'chigawo chapakati. Amishoni ankaona Gule Wamkulu ngati mdani wa sukulu ndi wa ubatizo, ndipo ena adafuna kuti boma la atsamunda liuletse. Eni dambwe ankaona sukulu ngati yolanda ana ndi mphamvu za mafumu, ndipo adabwezera m'njira zao, ngakhale posema zinyau zonyodola anthu a m'Baibulo. Mu 1976, pa Mua pomwepo, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni, kumene miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao imaphunziridwa ndi kusungidwa. Kumeneku sikudali kudalitsa zonse za kudambwe. Kudali kuvomera kuti woweruza mlandu ayenera kuyamba wamva mbali zonse.

Chitsanzo chowawa koposa ndi cha Mboni za Yehova. Mu 1967, patangopita zaka ziwiri chisindikizidwire Dignitatis Humanae, boma la Malawi lidaletsa gulu lao, makamaka chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mu 1972 mazunzo adakula: ambiri adachotsedwa ntchito, adamenyedwa, nyumba zao zidatenthedwa, ndipo zikwi zambiri zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Ife sitigwirizana ndi Mboni pa za Utatu Woyera, pa za umulungu wa Khristu ndi pa zina zambiri, ndipo nazonso sizibisa zimene zimaganiza za Eklezia. Komabe, monga mwa chiphunzitso cha Msonkhano, ufulu umene zidalandidwa ndi womwewo umene ife timapempha. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi athu ya nyengo ya Lenti itawerengedwa m'matchalitchi, boma lidaiyesa youkira, maepiskopi adaitanidwa ndi apolisi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Dzanja limene lidatseka pakamwa pa Mboni ndi lomwelo lidafuna kutseka pakamwa pa abusa athu. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 adalemba ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo ngati wa munthu aliyense.

Mau Otsiriza

Tsono tikamva mau akuti kusalolerana m'parishi kapena m'mphakati, tisafulumire kuvomera kapena kukana. Tifunse kaye chimene chachitika. Kodi pali munthu amene waopsezedwa, wamenyedwa, walandidwa munda, ntchito, malo a sukulu kapena madzi a pa chitsime chifukwa cha chikhulupiriro chake? Ngati alipo, kumeneko ndiko kusalolerana, ndipo wansembe ayenera kukhala woyamba kukudzudzula, kaya wozunzidwayo ndi Msilamu, Mboni, wa Nyau kapena wosapemphera. Koma ngati chimene chachitika n'chakuti Eklezia wanena chimene amakhulupirira, kapena wasunga mwambo wa masakramenti pakati pa ana ake amene adalowa mwa kufuna kwao, dzina limenelo silikuyenera, ndipo kukhala chete poliopa kukadakhala kulekerera. Ngakhale pamenepo tiyese mau athu, pakuti choona chonenedwa mwa chipongwe chimatseka makutu amene chikadatsegula.

Pa Mateyo 13 Ambuye adaletsa antchito kuzula namsongole nthawi yokolola isanafike, kuopa kuti angazule ndi tirigu yemwe. Sadanene kuti namsongole ndi tirigu. Adangokumbutsa antchitowo kuti munda uli ndi mwini wake, ndipo tsiku lokolola adzalitchula yekha. Ntchito imene tapatsidwa ife ndi kufesa ndi kupalira mtima wathu, tikukhala mwaulemu ndi anansi amene Mulungu yemweyo adawalenga aufulu.